Tikiti, Macheke ndi Mabondi: Mbiri ya Malipiro m'Mapulazi a ku Banket

Kwa zaka zoposa 100, anthu ogwira ntchito m'mapulazi ozungulira tauni ya Banket ku Zimbabwe akhala akulipidwa ndi mapepala a mitundumitundu, ndipo ambiri mwa mapepalawo sanali ndalama zenizeni. Ena ankagula m'sitolo imodzi yokha. Ena anali ndi tsiku lothera mphamvu lolembedwa poonekera. Ena ankatchedwa madola, koma pamsika panalibe wowawerengera ngati madola. Pakati pa antchito amenewa pali ambiri amene ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, ndipo m'makomboni mwawo Chichewa chimamvekabe pamaliro, kumzikiti ndi pabwalo la gule wamkulu.

Banket ili pa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 95, munthu atatsala pang'ono kufika ku Chinhoyi. Lero ili m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland West, koma nthawi ya atsamunda dera lonselo linkatchedwa Lomagundi. Chimene chinakopa azungu poyamba ndi golide. Mu 1902 anayala njanji yaing'ono kuchokera ku Salisbury (Harare ya lero) kukafika ku mgodi wa Ayrshire, ndipo Banket inakulira m'mbali mwa njanji imeneyi. Golide sanapezeke wochuluka monga ankayembekezera, koma nthaka inali yachonde ndipo mvula inkagwa yokwanira. Posakhalitsa fodya, chimanga, thonje ndi ng'ombe ndizo zinakhala chuma cha deralo, kuyambira ku Darwendale ndi Trelawney mpaka kupitirira Banket.

Vuto la eni mapulazi linali anthu olima. Ashona ankalima minda yawo n'kumagulitsa mbewu kumigodi, choncho ntchito ya kwa mzungu ya malipiro ochepa sinkawakopa. Kumpoto zinthu zinali zina. Msonkho wa nyumba umene Harry Johnston anakhazikitsa ku Nyasaland kumayambiriro a zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Amuna ankanyamuka wapansi m'magulumagulu, ena kudzera ku Tete n'kukalowera ku Mtoko kapena ku Mount Darwin, ena ochokera cha ku Fort Jameson kudzera ku Feira n'kutsikira ku Sinoia (Chinhoyi ya lero). Bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau, lomwe linayamba mu 1903, linkatola ena m'njira n'kuwagawa m'migodi ndi m'mapulazi pa makontirakiti aatali, ntchito imene anthu ankaitcha chibalo. Kumapeto a zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole aulere onyamula anthu ochokera kumpoto, ndipo mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba anthu ntchito, limene Amalawi amalikumbukira ndi dzina loti Mthandizi.

Pepala loyamba limene munthu ankapatsidwa atalembedwa ntchito pa pulazi linali tikiti. Kanali kakhadi kokhala ndi malo a masiku 30. Dzuwa likapendeka, kapitawo kapena kalaliki ankachonga tsiku limodzi, koma pokhapokha ngati munthuyo wamaliza mgwazo wake: mizere yakutiyakuti ya fodya, matumba akutiakuti a chimanga. Lamulungu silinkawerengedwa. Tsiku lodwala silinkawerengedwa. Mgwazo ukakanika, kapena bwana akakwiya, munthu ankabwerera kukomboni atakhetsa thukuta tsiku lonse koma tikiti ili yosachonga. Motero mwezi wa pa pulazi unkatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo malipiro ankatuluka tikiti ikadzaza basi. Podikira tsikulo munthu ankadalira phoso: ufa, nyemba, mchere, ndi nyama mwa apo ndi apo. Kuthawa unali mlandu. Lamulo la Masters and Servants la 1901, lomwe linagwira ntchito m'mapulazi mpaka kumapeto a zaka za m'ma 1970, linkalola kumanga munthu wosiya ntchito kontirakiti isanathe, ndipo chitupa chake chinkaonetsa kuti ali kale ndi bwana. Wothawa ankasiyanso masiku onse amene anali atachongedwa. Tikiti yosadzaza inkagwira munthu pamalo kuposa mpanda wa waya.

Malipiro akatuluka, ulendo wake unali waufupi: kuchoka pa tebulo la bwana kukafika pa kauntala ya sitolo ya pa pulazi pomwepo, imene kawirikawiri inkayendetsedwa ndi mkazi wa bwanayo kapena munthu wochita lendi kwa iye. Sopo, palafini, shuga, bulangeti, zonse zinkatengedwa pa ngongole n'kulembedwa m'buku, ndipo tsiku la malipiro ngongoleyo inkadulidwa munthu asanagwire kalikonse. Ena ankatuluka pa mzere chimanjamanja n'kuyambanso ngongole yatsopano tsiku lomwelo. M'migodi munali njira zina ziwiri zimene wolemba mbiri Charles van Onselen anazifotokoza bwino. Eni masitolo ena ankakongoza anthu tizitsulo kapena timapepala tawo tokha, togula m'sitolo yawo yokhayo. Ena ankagulitsa bokosi: munthu ankasankha nsalu, chipewa ndi katundu wina woti adzapite naye kwawo, zonse n'kuikidwa m'bokosi losungidwa m'sitolomo, iye n'kumalipira pang'onopang'ono. Akalephera kumaliza, kapena akachoka pa mgodipo, bokosi ndi ndalama zomwe zinkatsala kwa mwini sitolo. Machona ambiri anayamba motere. Munthu sankafuna kukaonekera kwawo wopanda katundu, ndipo katunduyo sankamasuka.

Ndalama zenizeni za nthawi imeneyo zinali za chitsulo: kobiri, tiki, sikisipensi ndi sheleni. Poyamba zinali za ku Britain, koma kuyambira 1932 Southern Rhodesia inakhala ndi zake, kuphatikizapo makobiri oboola pakati amene anthu ankawatunga pa chingwe. Za pepala za boma zinayamba kuyenda cha mu 1940. Ubwino wake kwa munthu wa ku Nyasaland unali woti ndalama zomwezi zinkagwiranso ntchito kwawo, ndipo zinapitirira choncho nthawi ya chitaganya, pamene Bank of Rhodesia and Nyasaland inkatulutsa ndalama za maiko onse atatu kuyambira 1956. Sheleni yolandirira ku Banket inkakalipira msonkho ku Dedza popanda kusinthitsa. Komabe gawo lina la malipiro silinkafika m'manja. Potsatira mgwirizano wa maboma atatuwa wa 1947, wantchito wochokera kumpoto ankakhala ndi kabuku kamene bwana ankamatamo masitampu mwezi ndi mwezi, mtengo wake n'kudulidwa pa malipiro. Ina mwa ndalamayo inkatumizidwa kwa banja lake, ina ankakaitenga yekha akabwerera kwawo. Cholinga chinali choti amuna azibwerera. Amene sanabwerere anatsala ndi kabuku ka masitampu.

Pa 11 Novembala 1965 boma la Ian Smith linalengeza ufulu popanda chilolezo cha Britain, ndipo chotsatira chake chinali mlandu wodabwitsa wokhudza ndalama. Britain inasankha akuluakulu akeake oyendetsa Reserve Bank of Rhodesia ali ku London, motsogozedwa ndi Sir Sydney Caine, pamene ku Salisbury banki ya dzina lomwelo inkapitiriza ntchito. A ku Salisbury anaitanitsa ndalama zatsopano ku kampani ya Giesecke & Devrient ya ku Munich. Mu Disembala 1966 ndalamazo zinagwidwa pa bwalo la ndege la Frankfurt, a ku London atadandaula kuti n'zachinyengo popeza iwo sanazilamule. Zinali zosindikizidwa ndi akatswiri pa pepala lenileni la ndalama, ndipo chimene zinasowa ndi mwini wovomerezeka basi. Sizinafike ku Rhodesia. Kuyambira pamenepo dzikolo linayamba kudzisindikizira lokha ndalama, ntchito imene inadzakhala ya kampani ya Fidelity Printers. Pa 17 Febuluwale 1970 paundi inachoka, kunabwera dola ya Rhodesia, madola awiri pa paundi imodzi. Malawi nayo inali itatulutsa paundi yake mu 1964 ndipo inabweretsa kwacha mu 1971. Ndalama ya pa pulazi inaleka kugula kumudzi, ndipo Dr Banda ataletsa kulemba anthu ntchito zakunja mu 1974, amene anali kale ku Lomagundi ambiri anangokhazikika.

Dola ya Zimbabwe inayamba mu 1980 ili yamphamvu kuposa dola ya America. Chaka chomwecho boma latsopano linaika malipiro ochepetsetsa a wantchito wa pa pulazi, madola 30 pa mwezi, n'kuwakweza kufika pa 50 mu 1982. Inali ndalama yochepa, ndipo buku la ngongole kusitolo silinathe, koma kwa zaka zingapo munthu ankalandira pepala limene mtengo wake wa lero unali womwewo mawa. Zinthu zinayamba kupendekeka m'zaka za m'ma 1990, makamaka pa 14 Novembala 1997 pamene dola inagwa kwambiri tsiku limodzi, boma litalonjeza asilikali akale omenyera ufulu madola 50,000 aliyense, ndalama imene munalibe mu bajeti. Kulanda mapulazi kutayamba mu 2000, Mashonaland West inali pakati penipeni pa nkhaniyo. Dziko lonse linali ndi antchito a m'mapulazi oposa 300,000, ndipo ochepa okha ndiwo anapatsidwa malo. Lamulo la 2002 linalamula eni mapulazi ochotsedwawo kulipira antchito awo ndalama zopumira, koma amene anazilandira anaziona zikusungunuka ndi kukwera kwa mitengo. Ambiri anatsala m'makomboni momwemo n'kumagwira ganyu kwa alimi atsopano, ena anasamukira ku Kuwadzana, komboni yaikulu ya tauni ya Banket, ena anapita kokumba golide m'mitsinje.

Mu 2003 ndalama za pepala zinasowa m'mabanki. Yaikulu kwambiri inali ya madola 500, ndipo mtengo woisindikizira unali utayamba kuposa chimene inkagula. Oyamba kupeza njira sanali boma ayi, koma kampani yogula thonje ya Cargill, imene inasindikiza macheke akeake a madola 5,000 ndi 10,000 kudzera ku banki ya Standard Chartered kuti izilipira alimi. Machekewo sankalembedwa dzina la munthu, ndipo masitolo anayamba kuwalandira ngati ndalama. Mu Ogasiti banki yaikulu inayesa macheke a apaulendo, koma ankafuna chitupa ndi siginecha ndipo ankagwira ntchito kamodzi kokha, choncho anthu anawakana. Mu Sepitembala inatulutsa ma bearer cheque a madola 5,000, 10,000 ndi 20,000, osindikizidwa mofulumira pamwamba pa chithunzi cha ndalama yakale ya madola 50. Pa lililonse panalembedwa tsiku lothera ntchito. Ankati n'zongoyembekezera, koma tsikulo linkangosunthidwa, ndipo dziko linayendera machekewa zaka zisanu.

Gideon Gono, amene anakhala mkulu wa banki yaikulu mu Disembala 2003, anachotsa maziro atatu pa 1 Ogasiti 2006. Anthu anapatsidwa masabata atatu okha oti asinthitse macheke akale, panali malire a ndalama zimene munthu angasinthitse pa tsiku, ndipo m'misewu apolisi ankasecha zikwama n'kulanda zopyola malirewo. Kwa anthu a m'makomboni ntchitoyi inali yolemetsa kuposa kwa wina aliyense. Ambiri analibe akaunti ku banki, ena analibe ngakhale kalata ya kubadwa, ndipo lamulo la unzika la 2001 linali litasiya ochuluka a iwo ngati alendo m'dziko lomwe anabadwira, zitupa zawo zili ndi chizindikiro cha mlendo. Macheke atsopanowo anayambira pa senti imodzi ya pepala mpaka madola 100,000. Pofika Januwale 2008 kunali cheke cha 10 miliyoni, ndipo mu Meyi cha 500 miliyoni.

Pepala limene linakhudza dera la alimi mwachindunji linatuluka mu Meyi 2008 momwemo. Pamwamba pake panalembedwa kuti Special Agro-Cheque, ndipo linali la madola 5 biliyoni, 25 biliyoni ndi 50 biliyoni. La 100 biliyoni linatsatira pa 21 Julayi. Panali chithunzi cha nyamalikiti, siginecha ya Gono, ndi mawu olonjeza kulipira wolinyamula pa 31 Disembala 2008 kapena tsikulo lisanafike. Kuseri kunali nkhokwe zazitali za simenti, za mtundu womwewo wa nkhokwe za Grain Marketing Board zimene munthu amaziona patali akamayandikira Banket. Banki inati machekewa ndi othandiza kulipira alimi pa nyengo yogulitsa mbewu. Kuyambira 2001 lamulo linkakakamiza mlimi kugulitsa chimanga ndi tirigu ku bungwe limeneli lokha, pa mtengo wa boma, ndipo malipiro ankachedwa. Mlimi wopereka chimanga chenicheni ku nkhokwe ankabwerera ndi chithunzi cha nkhokwe, m'chaka chimene zokolola zinali zochepa ndipo anthu mamiliyoni ankadalira chakudya cha thandizo. Patangopita masiku ochepa machekewa anali m'manja mwa aliyense, m'minibasi ndi pamsika, chifukwa panalibe ndalama ina yokwanira kugula kanthu. Cheke cha 100 biliyoni chinatuluka chili chosakwana kale mtengo wa buledi mmodzi.

Mwezi wa Julayi womwewo Giesecke & Devrient, kampani ija ya mlandu wa 1966, inaleka kutumiza pepala la ndalama ku Harare boma la Germany litaikakamiza. Chiwerengero chomaliza chimene boma linatulutsa chaka chimenecho chinati mitengo yakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka. Pa 1 Ogasiti maziro khumi anachotsedwa, 100 biliyoni n'kusanduka madola 10, ndipo makobiri akale amene anthu anali atawataya m'zitini analoledwa kugwiranso ntchito. Kwa masabata angapo mwayi unagwera amene sanataye zitsulo zawo. Ponena za malipiro, mawu oti mwezi anali opanda tanthauzo. Ndalama yolandira m'mawa inkayenera kugula tsiku lomwelo, m'masitolo mopanda katundu chiyambire lamulo lotsitsa mitengo la 2007, ndipo imene banki inkalola munthu kutapa pa tsiku nthawi zina sinkakwana ndi basi yomwe. N'zosadabwitsa kuti waganyu ankakana mapepala n'kupempha ndowa ya chimanga, botolo la mafuta ophikira kapena mtanda wa sopo. Phoso, limene kale linali chizindikiro cha ukapolo wa pa pulazi, linasanduka malipiro okhawo odalirika. M'matauni makuponi a petulo ankayenda ngati ndalama, popeza lita imodzi ya lero inali lita imodzi mawa.

Mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama za 10, 20, 50 ndi 100 thililiyoni. Ya 100 thililiyoni ili ndi maziro 14, miyala yosanjikizana ya ku Epworth kumaso, mathithi a Victoria Falls ndi njati kuseri. Kumapeto a mwezi womwewo boma linalola anthu kugula ndi kugulitsa ndi ndalama zakunja. Pa 2 Febuluwale maziro ena 12 anachotsedwa, onse pamodzi n'kukwana 25 m'zaka zosakwana zitatu, koma ndalama zatsopanozo panalibe wozifuna, ndipo mu Epulo dola ya Zimbabwe inaimitsidwa. Mapenshoni, inshulansi ndi ndalama za magulu othandizana pamaliro, amene anthu ochokera ku Malawi ankawadalira kuyambira kale, zinapita nayo limodzi.

Ndalama ikafa, pepala lake limapeza ntchito ina, ndipo izi zinaonekera kale kwina. Nkhondo ya ku Mexico imene inayamba mu 1910 inasiya milu ya ndalama zosindikizidwa ndi magulu omenyana, zopanda wozilandira. Makampani opanga mafilimu ku Hollywood, amene lamulo la America linkawaletsa kujambula madola enieni, anagula ndalama zakufazo motchipa n'kumazigwiritsa ntchito m'mafilimu, ndipo zitatha anayamba kusindikiza zofanana nazo. Mmenemu ndimo munayambira ntchito yopanga ndalama za mafilimu. Za ku Zimbabwe zinayenda njira yofanana. Mu 2009 nyuzipepala ya The Zimbabwean, imene Wilf Mbanga ankaitulutsa ali kunja kwa dziko, inamata ndalama zenizeni za mathililiyoni pa zikwangwani ndi m'makoma ku Johannesburg n'kudindapo uthenga wake, popeza zinali zotchipa kuposa pepala wamba. Ntchitoyo, yokonzedwa ndi kampani ya TBWA Hunt Lascaris, inapata mphoto yaikulu ku Cannes. Ku Victoria Falls anyamata anayamba kugulitsa ndalama zomwezo kwa alendo. Mu 2015, pamene banki yaikulu inkatsekeratu nkhani ya dola yakale, inkapereka masenti 40 a America pa pepala la 100 thililiyoni, pamene osonkhanitsa ndalama zakale kunja ankalipira madola ambirimbiri. Mtengo utakwera choncho, kunabwera zabodza zake: zokopera, ndi zina zonyezimira ngati golide zokhala ndi manambala amene banki ya Zimbabwe sinatulutsepo. Nthawi imene inkayenda panalibe wotaya nthawi kuikopera, chifukwa inki inkadula kuposa ndalamayo.

Madola a America anabweretsa bata pa mitengo, koma anabwera ndi mavuto awo. Zimbabwe siyisindikiza ndalamazi ndipo ilibe njira yophweka yosinthira zakutha, choncho pepala la dola imodzi limayenda mpaka kuda bii ndi kufewa, ena n'kumalichapa ndi kulimata. Makobiri kunalibe. Wogula ankapatsidwa masiwiti, bolopeni kapena kapepala ka sitolo kolembedwa chenji chake, koti adzagulire m'sitolo yomweyo, monga zinkachitikira kumigodi zaka 100 m'mbuyomo. Vuto lina ndi la madola abodza, ndipo ena mwa iwo ndi a mafilimu. Lamulo la America la 1992 limati chithunzi cha dola chamitundu chizikhala cha mbali imodzi, chocheperapo kapena chokulirapo kwambiri kuposa ndalama yeniyeni, koma opanga mafilimu amafuna zooneka zenizeni pa kamera. Pojambula filimu ya Jackie Chan ya Rush Hour 2 ku Las Vegas, madola abodza anamwazika ndi mphepo, anthu anatola n'kuyamba kugulira, mpaka apolisi a Secret Service analanda otsalawo kwa kampani yowapanga. Lero mapepala otere amagulitsidwa pa intaneti mitolomitolo. Pamalo pa dzina la dziko pamalembedwa kuti For Motion Picture Use Only, nkhope ya Benjamin Franklin imakhala yosinthidwa pang'ono, manambala amakhala amodzimodzi pa mtolo wonse, pepala limaterera, ndipo mzere wabuluu wa pa madola 100 umakhala wongopaka pamwamba m'malo molukidwa m'kati. Woyang'ana pa dzuwa amazindikira msanga. Amene amapwetekeka ndi wogulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga chamadzulo, kwa munthu wapagalimoto wofulumira.

Chenji ndicho chinatsegulira khomo ndalama yotsatira. Pa 18 Disembala 2014 banki yaikulu, motsogozedwa ndi John Mangudya, inatulutsa makobiri otchedwa mabondi, ofanana mtengo ndi masenti a America. Pa 28 Novembala 2016 kunabwera bondi ya pepala ya madola awiri, ndipo ya madola asanu inatsatira mu Febuluwale 2017. Banki inati si ndalama ya dziko ayi, koma chilimbikitso kwa ogulitsa katundu kunja, ndipo inati kumbuyo kwake kuli ngongole ya madola 200 miliyoni yochokera ku Afreximbank. Lamulo linati bondi imodzi ndi dola imodzi. Pamsika zinali zina: katundu mmodzi anakhala ndi mitengo itatu, wa madola enieni, wa mabondi, ndi wa ndalama ya pa foni ya EcoCash. Wantchito wa pa pulazi, amene malipiro ake ankakambidwa m'madola koma n'kuperekedwa m'mabondi kapena pa foni, ndiye ankagula pa mtengo wokwera kwambiri. Mwa mapepala onse a m'mbiriyi, bondi ndi imene inayandikira kwambiri ndalama ya filimu: inapangidwa kuti iziimira dola ya dziko lina, popanda dzikolo kuivomera. Mu Febuluwale 2019 boma linavomereza kuti ziwirizi sizofanana, n'kutcha mabondi ndi ndalama za m'mabanki dzina limodzi loti RTGS dollar, kuyambira pa 2.5 pa dola imodzi ya America. Mu Juni chaka chomwecho linaletsa ndalama zakunja, koma mu 2020 linazilolanso.

Pa 5 Epulo 2024 mkulu watsopano wa banki, John Mushayavanhu, analengeza ndalama ina yotchedwa Zimbabwe Gold, mwachidule ZiG, imene anati kumbuyo kwake kuli golide ndi ndalama zakunja zosungidwa. Madola a Zimbabwe pafupifupi 2,500 ankasinthidwa ndi ZiG imodzi, ndipo ZiG 13.56 zinkagula dola imodzi ya America. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho banki inaitsitsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40. Alimi a fodya, amene tsopano ambiri ndi a minda ing'onoing'ono yogawidwa pambuyo pa 2000, amalandira gawo lalikulu la ndalama zawo m'madola a America ndipo gawo lotsala m'ndalama ya dziko, pa mtengo wa banki. Malamulo a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo, ngakhale kusintha chitupa kumafunabe mapepala amene ambiri m'makomboni alibe. Waganyu wa ku Banket akamakambirana ndi mlimi, mtengo umatchulidwa m'madola a America kapena m'ndowa za chimanga, ndipo lamulo limene boma linakhazikitsa mu 2023 linalola ndalama zakunja kugwira ntchito m'dzikomo mpaka pa 31 Disembala 2030.